Bere la Mayi m'Mzinda Watsopano: Mbiri ya Kuyamwitsa ku Area 18

Wansembe aliyense amene anabatizapo makanda adziŵa kuti mwana akalira mkati mwa mwambo, mayi satuluka m'tchalitchi. Amangomasula nsalu namupatsa bere. Popeza tichiona tsiku ndi tsiku, tiyesa kuti chinthuchi chilibe mbiri. Koma pa zaka makumi asanu zapitazi kayamwitsidwe ka ana kakumana ndi mayesero aakulu, ndipo mbali ina ya mbiriyi inalembedwera pakhomo pathu, pa chipatala chaching'ono cha Area 18 mu Lilongwe.

Tiyambire kumudzi. Makolo athu ankayamwitsa mwana zaka ziŵiri kapena kupitirira. Mwambo wa kudika unkaletsa bambo ndi mayi kukhalira malo amodzi kufikira mwana atatengedwa kumphasa, ndipo mantha a mdulo ndiwo ankalimbitsa lamulolo. Potero mimba ina siinkafulumira kudzalanda khanda bere lake. Komabe tisakometse zakale mopitirira. Agogo ankamwetsa mwana madzi ndi mankhwala azitsamba, nayamba kumpatsa phala lamadzimadzi akadali wa masabata oŵerengeka, poganiza kuti kulira konse ndi njala. Ena ankafinyira pansi mkaka woyamba wachikasu uja, ati ngwoipa, chonsecho ndiwo utchinjiriza mwana ku matenda.

Mu 1975 likulu la dziko linasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe, ndipo nyumba za ku Area 18 zinamangidwira makamaka ogwira ntchito m'boma. Mayi wachitsikana anapezeka ali kutali ndi amake ndi anamkungwi. Mphunzitsi, namwino kapena mlembi anayenera kubwerera ku ntchito khanda likadali lofiira, ndipo botolo ndi mkaka wa m'chitini zinaoneka ngati chizindikiro cha kutsogola. Vutoli maiko ena anali atalilaŵa kale. Mu 1939 ku Singapore, dokotala Cicely Williams anadzudzula poyera malonda a mkaka wotere, ndipo mu 1981 bungwe la World Health Organization linakhazikitsa malamulo oletsa kuutsatsa mwachinyengo. Kuopsa kwake nkosavuta kumvetsa: madzi osaŵiritsa, botolo losatsuka bwino, ndi chitini chodula chimene mayi achisungunula mopyapyala kuti chifike kumapeto kwa mwezi. Mathero ake ndi kutsekula m'mimba ndi kunyentchera.

Mu 2001 bungwe lomwelo linalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha miyezi 6, osalaŵa ngakhale madzi. Azachipatala athu anachitcha kuyamwitsa mwakathithi. Chiphunzitsochi chinamera msanga: kafukufuku wa dziko lonse anapeza kuti mu 2000, mwa makanda 100 alionse osakwana miyezi 6, okwana 44 ankayamwa mwakathithi, ndipo pofika 2010 anali 71.

Koma m'zaka zomwezo kachilombo ka HIV kanaika amayi pa mphambano yoŵaŵa. Kuyamwitsa kunkatha kupatsira mwana kachilombo; kusayamwitsa kunkamupereka ku matenda a m'mimba. Ndiponso m'makomboni mayi wosayamwitsa ankalozedwa chala, pakuti aliyense ankadziŵa tanthauzo lake. Apa mpamene Area 18 iloŵa m'mbiri ya dziko lapansi. Kuyambira 2004 mpaka 2010, kafukufuku wotchedwa BAN, woyendetsedwa ndi UNC Project, analemba amayi 2,369 okhala ndi kachilombo pamodzi ndi ana awo, kuchokera ku sikelo za Bwaila, Kawale, Area 25 ndi Area 18. Onse analangizidwa kuyamwitsa mwakathithi masabata 24. M'gulu lina amayi ankamwa ma ARV, m'gulu lina makanda ankalandira nevirapine tsiku ndi tsiku, ndipo gulu lachitatu linangolandira mankhwala a nthaŵi yobereka. Zotsatira zinasindikizidwa mu 2010. Mwa ana amene anali opanda kachilombo pa masabata aŵiri, chiŵerengero cha otenga kachilombo pofika masabata 28 chinali ngati 57 mwa 1,000 m'gulu lachitatulo, 29 pamene mayi ankamwa mankhwala, ndi 17 pamene mwana ankamwa. Kunaonekanso kuti ana atalekezedwa bere msanga, matenda a m'mimba anachuluka. Mu 2011 Malaŵi anakhala dziko loyamba kutsata njira ya Option B+, yopatsa ma ARV moyo wonse mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo. Amayi osauka a mu Lilongwe, amene maina awo sadzatchulidwa m'mabuku, anathandiza kubwezera bere kwa ana a maiko ambiri.

Nanga bwanji kafukufuku wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti chiŵerengero chija chatsika kuchoka pa 71 kufika pa 61? Socrates ankayesa kuti wodziŵa chabwino adzachichita. Aristotle anaona kuti kudziŵa pakokha sikukwanira. Mayi amamva uphungu ku sikelo, koma lamulo la ntchito la 2000 linampatsa masabata 8 okha a tchuthi, pamene mwana afuna miyezi 6. Wogulitsa tomato pa msika alibe tchuthi nkomwe. Kunyumba apongozi akuti mwana ali ndi ludzu, ndipo bambo, amene sanaitanidwepo ku sikelo, angoti chete.

Pano mpamene Eklezia ali ndi gawo. Papa John Paul II mu 1995 ananena kuti amayi ayenera kupatsidwa nthaŵi, chidziŵitso ndi chithandizo kuti ayamwitse. Ife tili ndi miphakati, imene Ambuye Patrick Kalilombe anaikhazikitsa mu dayosizi ya Lilongwe m'zaka za 1973 mpaka 1975, ndipo m'menemo agogo, abambo ndi amayi amakhala pamphasa imodzi, chinthu chimene chipatala sichingathe. Tinalalikira motsutsa mantha a mdulo, ndipo tinachita bwino. Koma kodi tinaika chiyani m'malo mwa chitetezo chimene mwambowo unkapatsa khanda? Pa maphunziro a ubatizo tiitane bambo ndi agogo omwe. Ndipo tisanalangize ena, tifunse kuti mphunzitsi wa pa sukulu ya parishi ndi mayi wotiphikira amapatsidwa nthaŵi yotani yoyamwitsa ana awo.