Mfuti ya Gogodela

Ife a ku Moatize ndi ku Zóbuè timalidziwa dzina la gogodela. Inali mfuti ya makolo athu. Tiyeni tione nchito imene inagwira m'dziko lino.

Gogodela inali kudyera kukamwa. Mlenje anali kuthiramo wonga, kansanza ndi cipolopolo, ndi kusinja ndi kamtengo. Zipolopolo zikasowa, anali kuikamo tizitsulo. Mfuti ikalira kamodzi, anali kuyambanso kuthira. Wonga ukanyowa ndi mvula, mfuti inali ndodo cabe.

Mfutizi zinacokera ku Ulaya. Zinakwera mtsinje wa Zambezi m'ngalawa mpaka ku Tete. Mtengo wake unali minyanga ya njovu, golide ndi anthu. Eni minda ikuluikulu yochedwa prazo anazipereka kwa Acikunda, akapolo amene anali asilikali awo. Acikunda anali kupha njovu, kukhometsa msonkho ndi kugwira anthu m'midzi. Njovu ikagwa, nyanga ya pansi inali ya mwini dziko.

Mfuti yomweyo inalimbananso ndi boma la Apwitikizi. Tsidya lija la Zambezi, pamene Luenha athira madzi ake, panali linga la Massangano. Mwini wake anali Bonga. Kuyambira 1867 mpaka 1869 boma linatumiza asilikali kangapo, koma onse analephera. Tisaiwale kuti naye Bonga anali kugulitsa akapolo.

Koma ku Ulaya mfuti zinali kusintha. Mu 1836 Samuel Colt wa ku America analembetsa kamfuti ka m'manja kozungulira, kolira kasanu osathiranso wonga. Mu 1886 asilikali a Portugal analandira mfuti ya Kropatschek, yolowa zipolopolo 8 nthawi imodzi. Mu 1890 maiko a Azungu anapangana ku Brussels. Anatseka malonda a mfuti zatsopano m'cigawo cacikulu ca Africa, nalola mfuti zakale ndi wonga wamba basi.

Nkhondo sinalinso yofanana. Massangano anagwa mu 1888. Ufumu wa Macanga, kumpoto kwathu kuno, unagwa mu 1902. Mu 1917 anthu a ku Barue anaukira cibalo, ambiri atanyamula gogodela ndi mauta. Anamenya molimba mtima, koma anagonja.

Amisiri athu osula anali kudziwa kukonza mfuti ikathyoka. Koma mfuti zambiri ndi wonga wambiri zinali zogula. Wogulitsa ndiye anali kusankha cotipatsa ndi cotimana. Cida cimene sitidziwa kupanga tokha, mphamvu yake ili m'manja mwa wina.

Mafunso

1. Kodi mlenje anali kuthira ciani m'gogodela?
2. Kodi mtengo wa mfuti unali ciani?
3. Kodi ku Brussels anapangana zotani mu 1890?
4. Funsani akuluakulu a m'mudzi mwanu zimene akumbuka za gogodela. Lembani mizere itatu.