Cigamba ca dilamu pa Fiat ya agogo

Kuseri kwa nyumba yathu ku Kabwata, pansi pa mtengo wa mango, panali motoka imene inakhala zaka zoposa 20 osayenda. Ife ana tinakulira m'menemo. Tinali kuseweramo za minibasi, nkhuku zinali kuikiramo mazira, ndipo amayi anali kuyanika zovala pa boneti. Inali Fiat 127 ya malemu agogo aamuna, atate awo a amayi.

Mu 2023 anyamata ogula zitsulo zakale anafika ndi wilibala ndi sikelo, nachula mtengo wa pa kilo. Amayi anali atavomera kale mumtima, cifukwa pamalopo anali kufuna kumangapo kacipinda ka lendi. Amalume, amene agwira nchito ya panel beating moyo wawo wonse, anakhala cete kwa kanthawi, kenako anati: "Alongo, ndipatseni caka cimodzi cabe. Ikatikanika, mugulitse." Ine ndinali nditatsiriza sukulu, nchito kulibe, conco ndinakhala wogwira sandipepa. Ndinaganiza kuti ndiphunzira kuwongola malata. Sindinadziwe kuti pa thupi la motoka imeneyo ndiwerengapo mbiri ya dziko lathu.

Motoka iyi kwawo ndi ku Livingstone. Pamene Zambia inalandira ufulu pa 24 October 1964, pafupifupi katundu yense anali kulowera kum'mwera. Pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza boma la azungu ku Rhodesia, mafuta anayamba kuvuta, ndipo malole anali kukawatenga ku Dar es Salaam pa msewu woipa umene madalaivala anaupatsa dzina loti Hell Run. Boma la Kenneth Kaunda linaona kuti dziko lotalikirana ndi nyanja yamcere liyenera kudzipangira zinthu zake. Mu 1968 ku Mulungushi, Kaunda analengeza kuti boma litenga gawo lalikulu m'makampani ambiri, ndipo bungwe la Indeco ndilo linapatsidwa udindo wowayang'anira. M'zaka zotsatira mafakitale anamwazikana m'dziko: mabatire ku Mansa, magalasi ku Kapiri Mposhi, nsalu ku Kafue, njinga ku Chipata. Livingstone inalandira mamotoka. Fakitale ya Livingstone Motor Assemblers, mogwirizana ndi kampani ya Fiat ya ku Italy, inayamba nchito mu 1972. Ziwalo zinali kubwera m'mabokosi, ndipo manja a anthu a kuno ndiwo anali kuzilumikiza.

Fiat 127 inatuluka ku Italy mu 1971, ndipo mu 1972 inasankhidwa kukhala motoka ya caka ku Ulaya. Ndi kamotoka kakang'ono, ka injini ya 903cc, kokokedwa ndi mawilo a kutsogolo. Agogo, amene anali kalaliki m'boma, anagula yawo pa ngongole mu 1974. Kuti mumvetse cimene inatanthauza kwa iwo, kumbukirani mmene Lusaka anamangidwira atakhala likulu mu 1935. Kabwata anali malo a anchito acikuda, m'tinyumba tozungulira ta udzu tonga tija mumaona lero ku Kabwata Cultural Village pa Burma Road. Woodlands ndi Kabulonga kunali kwa azungu, ndipo munthu wakuda anali kuyendako ndi citupa m'thumba. Agogo aakazi amasimba kuti pa Sondo paliponse, akacoka ku chalichi, agogo aamuna anali kulongeza banja lonse m'Fiat, kudutsa mu Independence Avenue mpaka ku Woodlands, kuzungulira ku Kabulonga ndi kubwerera. Kumeneko analibe wacibale aliyense. Anali kungodutsa, pang'onopang'ono, mawindo ali otsegula.

Tsiku loyamba la nchito amalume sanagwire nyundo. Anandipatsa maginito yocotsa ku sipika yakale, nati: "Muphwa wanga, yendetsa pa thupi lonse. Pamene yagwira pali citsulo. Pamene yagwa pali bodza." Bodzalo ndi fila, phala lija limene amamata pobisa pamene papindika. Maginito inagwa pa madigadi ya kumbuyo ndi m'munsi mwa zitseko zonse ziwiri. Titanyamula kapeti, tinaona dothi la Kabwata kudzera m'mabowo a pansi.

Ndinafunsa kuti dzimbiri, imene ena timati nguwe, inacokera kuti, popeza kuno kulibe mphepo ya mcere ngati ku Dar es Salaam. Amalume anandionetsa timabowo ta kunsi kwa citseko totulutsira madzi. Tonse tinali titatsekeka ndi masamba a mango ndi fumbi. Mvula ya November mpaka April inali kulowera pa mphira zong'ambika za mawindo ndi kukhala m'kati miyezi yambiri. Dzimbiri imayambira m'kati. Ukaona penti yatupa ngati cithuza, dziwa kuti kuseri kwake lata linadyeka kale.

Tinacotsa mipando, magalasi, mabampa ndi nyali. Tinacotsanso thanki ya petulo ndi kukaiika kutali, cifukwa ngakhale thanki youma imasunga mpweya umene ungaphulike ukakumana ndi moto. Ndiyeno kupala kunayamba. Pamwamba panali penti ya buluu. Pansi pake panali yoyera, yopakidwa ndi burashi ngati ya pa cipupa. Pansi penipeni tinapeza yacikasu, ya ku fakitale. Koma pa citseko ca kumanzere, fila itacoka, panaoneka cigamba cacikulu ngati thireyi, cokhala ndi mizere ya kuwocherera m'mbali monse. Lata lake linali lokhuthala kuposa la citseko. Amalume anaseka mpaka kukhosomola. "Ilo ndi dilamu la mafuta. Ndinaika ndine, mu 1983."

Caka cimeneco agogo anagundidwa ndi vaneti pa Great East Road, pafupi ndi thanki ya madzi ya ku Chelstone. Palibe anapweteka, koma citseko cinaphwanyika. Anayenda m'masitolo a mu Cairo Road ndi misewu ya kuseri kwake, citseko catsopano osacipeza. Cifukwa cake cinali kopa. Mtengo wake unagwa mu 1975, pamene mafuta anali atakwera kale kucokera mu 1973, ndipo Zambia inali kupeza pafupifupi ndalama zake zonse zakunja pa kopa. Malire a Rhodesia anali atatsekedwa mu January 1973. Njanji ya TAZARA, imene inamangidwa ndi thandizo la China, inatsegula njira ya kumpoto, koma njira payokha siigula katundu. Madola anasowa, ndipo wofuna kuitanitsa kanthu kunja anali kudikira cilolezo. Makolo athu amakumbukira mizere ya sopo, saladi ndi shuga. Mzere wa ziwalo za motoka unalibe ngakhale kothera. Mu October 1985 boma linayamba kugulitsa madola pa okushoni, kwacha inagwa, ndipo ciwalo cikapezeka mtengo wake unali wothawitsa.

M'zaka zimenezo ndi mmene luso la kuwongola mamotoka linakulira m'makomboni. Amalume anaphunzira ali ndi zaka 17 kwa mkulu wina amene anali ndi garaji pansi pa mtengo. Gasi yowocherera anali kuipanga okha pothira madzi pa kabaidi. Waya wa hang'ala unali kugwira nchito ya ndodo yowocherera. Citseko ca filiji yakufa, dilamu, cikwangwani cakale, zonse zinali malata. Palibe cinali kutayidwa. Motoka imodzi ikafa, inali kudyetsa zinzake zisanu.

Si ife tokha amene kusowa kunatiphunzitsa. Tsiku lina amalume ananditenga ku Chilenje House 394, nyumba imene Kaunda anakhalamo kucokera mu 1960 mpaka 1962. Pabwalo pali Land Rover imene inagwira nchito pa nthawi yomenyera ufulu. Anandiuza kuti maginito singagwire pa thupi la Land Rover yakale, cifukwa ndi la aluminiyamu. Motoka imeneyi inayamba kupangidwa ku Britain mu 1948, nkhondo itangotha, citsulo cili cosowa. Nawonso anagwiritsa nchito cimene cinalipo.

Pobwerera ku Fiat yathu, lamulo la amalume linali limodzi: dzimbiri siipakidwa, imadulidwa. Tinali kudula mpaka kufika pa citsulo cowala. Kenako tinali kuika katoni pa bowo, kujambula, kudula, ndi kukopera cithunzico pa lata latsopano la pafupifupi milimita imodzi. Zidutswa zina za pansi tinazidula pa cigoba ca 127 cimene tinapeza kuseri kwa nyumba ina ku Chelstone, m'mene munali kugona abakha. Powocherera, amalume anali kudontheza kadontho kamodzi apa, kena kutali, ndi kudikira kuti pazizire. Ine tsiku lina ndinafulumira, ndinawocherera mzere wonse kamodzi, ndipo lata linapindika ngati cipande. Amalume sanakalipe. Anangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha," nandipatsa nyundo ndi dolly, kacitsulo kolemera kamene umagwiriza kuseri kwa lata pomenya. Ndinatha masiku atatu kuwongola cimene ndinawononga pa mphindi ziwiri. Pamene lata latambasuka ndi kutukuka, anali kulitenthetsa pang'ono mpaka kufiira, kulimenya mopepuka, ndi kuliziziritsa ndi nsanza yonyowa kuti libwerere.

Mu 2024 kunagwa cilala, madzi ku Kariba anatsika, ndipo malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse. Anzanga a makina a magetsi anali kugona masana ndi kudzuka pakati pa usiku. Ife nchito siinaime, cifukwa gasi, nyundo ndi sandipepa sizidikira malaiti. Zida za m'nthawi ya mavuto zinagwiranso nchito m'nthawi ya mavuto.

Fila tinaika yocepa, yosapitirira mamilimita atatu, cifukwa yokhuthala imang'aluka ndi mabampu a m'misewu yathu. Tinapala ndi sandipepa ya 80, kenako 180, kenako 320, titaikulunga pa kathabwa kuti zala zisasiye mizere. Amalume maso awo anayamba kufooka, conco amayesa ndi cikhatho. Anali kutseka maso, kuyendetsa dzanja pa madigadi, ndi kunena kuti, "Apa pali cigwa." Ndikathira penti yakuda pang'ono ndi kupala, cigwaco cinali kuonekeradi. Ngati mufuna kuyesa nchito imeneyi kwanu, valani cophimba mphuno ndi pakamwa ceniceni, osati kansalu. Fumbi la fila ndi nkhungu ya penti zimawononga mapapo, ndipo cifuwa ca amalume ndi umboni.

Mwina mufunsa cifukwa cake luso limeneli likutha. Pa 31 October 1991 Frederick Chiluba ndi MMD anapambana masankho, ndipo malonda anatsegulidwa. Salaula inadzaza misika, ndipo mamotoka ogwirapo kale nchito a ku Japan anayamba kulowa pa Nakonde ndi pa Chirundu. Fakitale ya ku Livingstone siinathe kupikisana nawo, ndipo inaleka kulumikiza mamotoka. Sindinganame, kusinthaku kunathandiza ambiri. Mabanja amene sanalotepo motoka anagula Corolla. Koma lero citseko cikapindika, umapita m'tauni kukagula cina cocotsa ku motoka yakufa, ndipo bampa ndi ya pulasitiki. Mnyamata amaphunzira kumasula ndi kumanga mabauti, ndi kumata fila. Oumba lata kucokera pa katoni atsala owerengeka, ndipo ambiri ndi a msinkhu wa amalume.

Titapaka pulaima, kunabwera bambo wina wa ku Kabulonga amene amasunga mamotoka akale. Anazungulira Fiat kawiri, nachula ndalama imene ikanamanga kacipinda ka amayi ndi kutsalako. Koma anati citseko ca cigamba cicoke, adzaitanitsa ceniceni ku Italy. Usiku umenewo tinakhala pansi monga banja. Ine ndinali kuyang'ana amayi, cifukwa ndalamayo anali kuifunadi, ndipo caka cimene analonjeza cinali citatha kale. Amene anayamba kulankhula ndi agogo aakazi. Anati citseko cimeneco ndico anali kutsegula popita ku cipatala kukacira mwana wawo wotsiriza, ndipo mwamuna wawo anali kucionetsa kwa alendo kuti aone nchito ya mwana wake. Amayi anapumira m'mwamba, nati: "Acimwene, tsirizani motoka ya atate. Kacipinda tidzamanga kutsogolo."

Tinapaka penti m'mamawa wina wa mu August, mphepo isanayambe, titawaza madzi pabwalo kuti fumbi ligone. Tinabwezera yacikasu ija ya ku Livingstone. Kunja cigamba sicioneka konse. M'kati mwa citseko tinangopakamo vanishi, kuti wocotsa cophimba adzaone dilamu ndi mizere ya 1983.

Injini ikali pa thebulo, ndipo za fitness ku RTSA zikali kutsogolo. Koma pa Sondo lapitali tinaikankhira pa msewu. Agogo aakazi anakhala kutsogolo, amalume anagwira siteringi, ine ndi anyamata a pa mzere wathu tinali kukankha mpaka pa kona ndi kubwerera. Tsopano pa Ciweru paliponse pamabwera anyamata awiri kudzaphunzira kugwira dolly, ndipo munthu wina wabweretsa kale madigadi ya Datsun 120Y. Amalume akuti imeneyo ndiwongola ndekha, iwo adzangoyendetsapo cikhatho.