Palazzo Medici Riccardi

Palazzo Medici Riccardi ndi nyumba yaikulu yomwe idali ya banja lolemera la Medici, ndipo ili mumsewu wa Via Cavour mumzinda wa Florence ku Italy. Cosimo de' Medici, mwini banki wotchuka, ndiye adalamula kuti imangidwe, ndipo katswiri wa zomangamanga Michelozzo adayamba ntchitoyi mu 1444.

Nyumbayi ndi yosanjikiza katatu. Khoma lapansi adalimanga ndi miyala ikuluikulu yosasalaza pofuna kuonetsa mphamvu za banjalo, koma m'mwamba miyalayo imanka nisalala. Pakati pali bwalo la ngodya zinayi lozunguliridwa ndi nsanamira zonyamula makhonde. M'kachipinda kopempherera, Benozzo Gozzoli adajambula pamakoma mu 1459 ulendo wa anzeru akum'mawa, n'kuikamo nkhope za a m'banja la Medici.

Banjali lidathamangitsidwa mu Florence mu 1494, koma lidabwereranso mu 1512. Mu 1659 lidagulitsa nyumbayi ku banja la Riccardi, lomwe lidaikuza. Kamangidwe kake kadakhala chitsanzo cha nyumba zina za akuluakulu mumzindawu. Lero mbali yake ina ndi malo osungirako zinthu zakale.