Mmene mitundu ya zamoyo imayambira ndi kutha: umboni wa pa Chanyanya

Chanyanya ndi doko la asodzi m'boma la Kafue, chakum'mawa kwa dambo lalikulu la Kafue Flats, lomwe kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 6,500. Nsomba zimene zimatsitsidwa m'mabwato padokoli zikuonetsa mmene mtundu wa chamoyo umayambira, ndiponso mmene umathera.

Akatswiri a sayansi amati mtundu watsopano umayamba kawirikawiri pamene gulu limodzi la zamoyo lagawikana. Phiri, mathithi kapena mtsinje wosintha njira ukalekanitsa nyama za mtundu umodzi, mbali iliyonse imaswana payokha. Ana amene akugwirizana ndi malo awo ndiwo amapulumuka ndi kubereka. Pakapita mibadwo zikwizikwi, magulu awiriwo amakhala atasiyana maonekedwe ndi khalidwe. Charles Darwin anafotokoza maziko a chiphunzitsochi m'chaka cha 1859.

Mtsinje wa Kafue nawo unasinthapo njira. Ofufuza za nthaka ndi miyala amati kalekale madzi ake ankalowera kum'mwera chakumadzulo, kunyanja yaikulu imene inaphwa n'kusiya zigwa za mchere za Makgadikgadi m'dziko la Botswana. Pambuyo pake mtsinjewu unakhotera kum'mawa, kudzera m'mathithi a Kafue Gorge, n'kukathira mu Zambezi. Mathithiwo anakhala ngati mpanda. N'chifukwa chake bream ya mawanga atatu, Oreochromis andersonii, yomwe ndi ya banja limodzi ndi chambo, imapezeka ku Kafue Flats, ku Okavango ndi kumtunda kwa Zambezi, pamene chigawo chapakati cha Zambezi chinali ndi mtundu wakewake, Oreochromis mortimeri.

Nyama ya m'madambo yotchedwa lechwe inagawikana mofananamo. Lechwe yakuda ili ku Bangweulu, yofiira ili ku Busanga ndi ku Okavango, ndipo ya Kafue sipezeka kuthengo kwina kulikonse padziko lapansi koma ku Kafue Flats. Akatswiri sagwirizana ngati imeneyi ndi mitundu yosiyana kotheratu kapena nthambi za mtundu umodzi. Kusagwirizanaku n'kosadabwitsa, pakuti kupatukana kwa mitundu kumachitika pang'onopang'ono ndipo kulibe tsiku limene kumatha.

Kutha kwa mitundu si kwachilendo. Mwa mitundu 100 iliyonse imene inakhalapo padziko, yoposa 99 inatha. Kasanu konse zamoyo zinafa mwaunyinji, ndipo komaliza kunali zaka 66 miliyoni zapitazo, pamene chimwala chochokera kumlengalenga chinagwa kudera limene lero ndi Mexico, madinosaur n'kutheratu kupatula mbalame. Chachilendo masiku ano ndi liwiro lake. Lechwe ya Roberts, imene inkakhala cha ku Kawambwa m'chigawo cha Luapula, inatha kale. Ya Kafue inalipo pafupifupi 250,000 m'zaka za m'ma 1930, koma kalembera wa 2015 anapeza yosakwana 30,000. Zifukwa zake ndi kupha nyama mopanda chilolezo, chitsamba chaminga cha Mimosa pigra chimene chalanda msipu, komanso madamu a Kafue Gorge ndi Itezhi-Tezhi, omangidwa m'zaka za m'ma 1970, amene anasintha nyengo ya kusefukira kwa madzi.

Koma pali njira ina yothera imene sioneka msanga, ndipo ndi imene ikukhudza asodzi a pa Chanyanya. M'zaka za m'ma 1980 alimi a nsomba anabweretsa tilapia ya ku Nile, Oreochromis niloticus, chifukwa imakula mofulumira. Ina inapulumuka m'maiwe cha ku Mazabuka n'kulowa mu Kafue. Kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2014 anatsimikiza kuti nsombayi ikuswana ndi bream ya mawanga atatu ndiponso ndi Oreochromis macrochir. Apa palibe mtembo woti munthu awerenge. Ukonde umadzalabe, malonda amayenda, koma mitundu imene inatenga zaka zikwi zambiri kuti isiyane ikusungunukira pamodzi. Ku Kariba, mortimeri yatsala pang'ono kutheratu chifukwa cha mlendo yemweyo.

Bungwe la IUCN linaika bream ya mawanga atatu m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi. Tilapia ya ku Nile imadziwika ndi mizere yopingasa pachipsepse cha kumchira, pamene ya Kafue ilibe mizereyo ndipo ili ndi mawanga akuda m'nthiti. Nsomba zosakanizika sizidziwika bwino ndi maso, moti ofufuza amachita kuziyeza DNA.