Kuchokera pa Gogodera Kufika pa Mfuti ya Galasi

Lero tikambirana mbiri ya mfuti zosakira nyama zikuluzikulu m'dziko la Zambia. Inu amene mumakhala kwa Mfumu Bundabunda, kum'mawa kwa Chongwe, kumene msewu waukulu wopita ku Chipata umadutsa pafupi ndi akasupe otentha a Chinyunyu, nkhani iyi ndi yanu ndithu. Kum'mwera kwanu kuli mapiri otsetserekera ku Zambezi, ndipo kutali chakum'mawa kuli mtsinje wa Luangwa. Osaka njovu akale ankayendayenda m'zigwa za mitsinje iwiriyi. Pomvetsera, sungani funso ili m'mutu: kodi mlenje amaphonya chifukwa chiyani, ndipo akaphonya chimatsatira nchiyani?

Mfuti zisanabwere, makolo athu ankapha njovu ndi mikondo, mbuna ndi nkhwangwa zodulira mitsempha ya kumiyendo. Mfuti zinafika ndi malonda a minyanga. Pamene Luangwa amathira mu Zambezi pali Zumbo, malo a malonda amene Apwitikizi anakhazikitsa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1700, ndipo kutsidya kwake kuli Feira, imene lero timaitcha boma la Luangwa. David Livingstone podutsa ku Zumbo mu 1856 anapezako mabwinja okhaokha, koma patapita zaka zochepa malonda anadzukanso. M'zaka za m'ma 1870 ndi 1880 kunatchuka atsogoleri a Achikunda monga Kanyemba ndi Matakenya. Anthu awo ankasaka njovu, komanso ankagwira akapolo pakati pa Ansenga, Asoli ndi mitundu ina. Mkulu wa gulu la osaka ankatchedwa nkumbalume. Mwambo unali wakuti nyanga imene yagwera pansi njovu ikafa ndi ya mfumu mwini dziko.

Mfuti ya masiku amenewo inali gogodera, yothirira kukamwa. Mlenje ankathira wonga mumpope, ndi kuikamo kansanza kapena luzi, kenaka chipolopolo, ndipo ankazigogodera zonse pansi ndi kamtengo kowongoka. Tinganene kuti kuombera kulikonse ankakukonza yekha ndi manja ake. Wonga ukachepa, chipolopolo chinkangolasa nyama osaipha. Ukachuluka, mpope unkatha kuphulika ndi kumudula zala kapena kumuchititsa khungu. Kusankha chipolopolo nakonso kunali kovuta. Cha mtovu nchofewa, motero chinkaphwanyika pa fupa lolimba la mutu wa njovu. Cha chitsulo, chimene osula ankasula m'midzi, chinkalowa bwino koma sichinali chobulungira kwenikweni, ndipo chinkapatuka m'njira. Nchifukwa chake alenje ankakwawa mpaka pafupi penipeni ndi nyama, akuwaza phulusa kapena fumbi kuti adziwe kumene mphepo ikulowera, ndipo kawirikawiri ankaombera angapo nthawi imodzi.

Musaganize kuti Azungu oyamba anali ndi mfuti zoposa pamenepa. Frederick Selous, Mngelezi amene anayamba kusaka njovu mu 1872 m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, ankagwiritsa ntchito chimfuti chothirira kukamwa, ndipo chipolopolo chake chinkalemera magalamu oposa 100. Tsiku lina mfutiyo inakana kulira, ndipo womunyamulira, posadziwa, anathiramonso wonga ndi chipolopolo pamwamba pa zoyambazo. Selous ataombera, mfuti inamugwetsa pansi ndi kumung'amba tsaya. Mu 1877 iye anaoloka Zambezi kulowa m'dziko lino, ndipo pa ulendo umenewo anaonana ndi Kanyemba.

Ku Ulaya amisiri anali pakalikiliki kukonza zolakwika zimenezi. Anazokota timizere tokhotakhota m'kati mwa mpope kuti chipolopolo chizituluka chikuzungulira ngati nguli, pakuti chinthu chozungulira chimayenda mowongoka. Anaphatikizanso wonga ndi chipolopolo m'kachigoba kamodzi ka mkuwa kolowetsera kumbuyo kwa mfuti. Mu 1884 Mfalansa wina, Paul Vieille, anapanga wonga wosafuka utsi wambiri, ndipo mu 1912 kampani ya Holland & Holland ya ku London inatulutsa chipolopolo chotchedwa .375, chimene osaka njati ndi njovu amachidalirabe. Koma mfuti zatsopanozi sizinafike m'midzi yathu. Pa msonkhano wa ku Brussels mu 1890 maiko a ku Ulaya anagwirizana kuletsa kugulitsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Africa, ndi kuloleza zachikale zokha. Motero gogodera anakhalabe mfuti ya munthu wa kumudzi kwa zaka zambiri.

Ngakhale ndi mfuti yamakono, kusankha chipolopolo kunatsalabe m'manja mwa mlenje. Pali mitundu iwiri ikuluikulu. Cha nsonga yofewa chimatambasuka chikalowa m'thupi, ndipo chimayenera nyama za chikopa chopyapyala monga mphalapala ndi ngoma. Cholimba, chokutidwa ndi chitsulo kapena mkuwa, sichitambasuka, koma chimaboola fupa, ndipo ndicho chimayenera njovu. Walter Bell wa ku Scotland, amene anasaka ku Karamoja m'dziko la Uganda, anapha njovu zoposa 1,000, zambiri ndi mfuti yaing'ono ya mamilimita 7. Iye ankasema zigaza za njovu zakufa kuti adziwe pamene pali ubongo. Alenje ena mpaka lero amadzaza okha zigoba zakale, akuyeza wonga pa sikelo, koma ntchitoyi ndi yoopsa, pakuti kulakwitsa pang'ono kumaphulitsa mfuti monga zinkachitikira ndi gogodera.

Tsopano tifike pa galasi loonera patali limene amamanga pamwamba pa mfuti. Magalasi otere ankagwira kale ntchito pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865, koma anafala pakati pa osaka nyama m'zaka za m'ma 1900. Kuti mumvetse vuto lake, aphunzitsi atulutseni ana pabwalo, ndipo mmodzi aponye mwala kutali, kumene kulibe anthu. Muona kuti mwalawo suyenda mowongoka, koma umakwera ndi kutsika, chifukwa dziko limakokera zinthu pansi. Chipolopolo nachonso chimayamba kugwa chikangotuluka mumpope, pamene diso limaona mowongoka. Ntchito yokonza galasi ndiyo kukumanitsa njira ziwirizi pa mtunda umene mlenje wasankha.

Galasilo liri ndi timabatani tiwiri topotokola. Kamodzi kamakweza kapena kutsitsa, kena kamasunthira kumanja kapena kumanzere. Pa magalasi ambiri, kupotokola kamodzi kokha kumasuntha pogwera chipolopolo ndi mamilimita 7 pa mtunda wa mamita pafupifupi 90. Koma galasi lokonzedwa dzulo lingathe kunama lero. Kukankha kwa mfuti polira kumamasula tizitsulo tomangira galasi. Kugwedezeka kwa galimoto pa msewu wa miyala, kapena kugundika pa mtengo, kumalisuntha. Mlenje akasintha chipolopolo, kuchoka pa chopepuka kupita pa cholemera, pogwera pake pamasinthanso. Choncho mlenje wosamala amayamba wayesa mfuti yake pa pepala asanalowe m'tchire. Akamatsata njati m'thengo lowirira, ambiri amachotsa galasi lamphamvu, chifukwa nyama ikakhala pafupi galasi lotere limangoonetsa ubweya.

Nanga akaphonya chimatsatira nchiyani? Kuphonya kwenikweni nkwabwinoko kusiyana ndi kulasa. Njati kapena njovu yolasidwa imavutika masiku ambiri, ndipo imakhala yolusa. Amene amakumana nayo kawirikawiri si mlenje uja, koma mayi wopita kukatunga madzi kapena mwana wopita kusukulu.

Mfuti zitakhala zolunjika ndi zochuluka, vuto lina linabuka. Mu 1973 akatswiri owerenga nyama ali m'ndege anapeza kuti m'chigwa cha Luangwa munali njovu pafupifupi 86,000. M'zaka zotsatira opha nyama mozemba, ambiri ali ndi mfuti za nkhondo, anapha zikwi zambirimbiri. Mu 1982 boma linaimitsa kusaka njovu kwa zaka zambiri, mu 1983 linakhazikitsa Lower Zambezi National Park kum'mwera kwa dera lanu, ndipo mu 1989 maiko anagwirizana kuletsa malonda a minyanga pakati pawo. Chipembere chakuda sichinapulumuke: mu 1998 chinalengezedwa kuti chatha m'Zambia, ndipo mu 2003 anachita kubweretsa zina kuchokera ku South Africa kukaziika ku North Luangwa. Lamulo la nyama zakutchire la 2015 limafuna kuti wosaka aliyense akhale ndi chilolezo.

Aphunzitsi, pemphani ana kuti akafunse akuluakulu kumudzi mafunso atatu awa: ndani ankasula zipolopolo kuno, nyama ziti zinkapezeka pafupi ndi mudzi, ndipo ndi ziti zimene sizionekanso? Mayankho awo muwalembe m'buku la kalasi, pakuti imeneyo ndi mbiri ya kwanu. Ndipo inu ana, mukapeza mfuti, wonga kapena chipolopolo, ngakhale chadzimbiri, musachigwire ndipo musachiponye pamoto. Kauzeni aphunzitsi kapena anyakwawa kuti adziwitse apolisi. Tsalani bwino.