Mbiri ya Makina Ozindikira Mawu pa Moyo wa Anthu Aulumali

Makina ozindikira mawu amamva zimene munthu akuyankhula n'kuzisandutsa malemba, kapena kuchita zimene walamula. Masiku ano amapezeka pafupifupi m'foni yamakono iliyonse, moti ambiri amangowaona ngati chopeputsira ntchito. Koma pa nthawi imene anali odula ndiponso ovuta, ena mwa anthu oyamba kuwadalira tsiku ndi tsiku anali amene manja awo sakanatha kugwira cholembera kapena kiyibodi: ovulala msana, oduka manja, odwala nyamakazi yoopsa ndi amene minofu yawo inkafooka ndi matenda. Kwa iwowa funso linali limodzi kuyambira pachiyambi, loti kodi makinawa angamve mawu a munthu uyu, ali m'chipinda chake, popanda womuthandiza.

Makinawa asanabwere, munthu wofa ziwalo kuchokera m'khosi kutsika ankalemba poluma kandodo n'kumadina nako zilembo za makina otaipira, kapena kumangirira kandodoko kumutu. Tsamba limodzi linkasiya khosi ndi nsagwada zili zowawa. Cha m'ma 1960, pa chipatala cha Stoke Mandeville ku England, Reginald Maling anaona odwala akuitana anamwino poliza wenzulo, popeza mpweya ndiwo unali mphamvu yokhayo imene anatsala nayo. Iye anapanga chipangizo choyendetsa makina otaipira, magetsi ndi belu pouzira kapena kuyamwa mpweya m'kapaipi. Chinatchedwa POSSUM, liwu limene m'Chilatini limatanthauza kuti ndingathe. Chinkagwira ntchito ndithu, koma chilembo chilichonse chinkafuna mpweya wake.

Kafukufuku wa makina omva mawu ankayenda payekha, osaganizira za ulumali. Mu 1952 akatswiri a ku Bell Laboratories ku America anapanga makina otchedwa Audrey, amene ankazindikira manambala kuyambira 0 mpaka 9, bola woyankhulayo akhale amene makinawo anawachunira. Mu 1962 kampani ya IBM inaonetsa Shoebox pa chionetsero cha ku Seattle. Inkamva mawu 16: manambala khumi aja ndi ena ochepa olamulira kuphatikiza ndi kuchotsera. Kuyambira 1971 mpaka 1976 nthambi yofufuza ya zachitetezo ku America, DARPA, inaika ndalama pa ntchitoyi, ndipo pa yunivesite ya Carnegie Mellon panatuluka Harpy, wodziwa mawu 1,011.

Chimene chinatsegula njira ndi masamu. James Baker, amenenso anali ku Carnegie Mellon, komanso gulu la Frederick Jelinek ku IBM, anasiya kuphunzitsa kompyuta malamulo a chiyankhulo. Njira yawo inkaduladula mawu m'tizidutswa, pafupifupi 100 pa sekondi, n'kuwerengera kuti phokoso limeneli lingakhale liwu liti, poganiziranso mawu awiri amene angonenedwa kumene. Makina otere samvetsa tanthauzo; amalosera. N'chifukwa chake akalakwa amalemba liwu lenileni, lolembedwa bwino, koma losakhala pamalo pake, cholakwa chimene diso limachidumpha mosavuta.

James Baker ndi mkazi wake Janet anayambitsa kampani ya Dragon Systems ku Massachusetts mu 1982, ndipo mu 1990 anatulutsa DragonDictate, yodziwa mawu 30,000, pa mtengo wa madola 9,000. Inkafuna kuti munthu aziima pang'ono akanena liwu lililonse, ngati mwana wa sitandade 1 akuwerenga pabolodi. Wodziwa kutaipa sakanapirira zimenezo. Koma kwa munthu wozolowera kandodo kakukamwa, linali liwiro losaneneka. Liwu likanenedwa, pasikirini pankatuluka kabokosi ka mawu ofanana nalo, lililonse ndi nambala yake, ndipo ngati makina aphonya, munthu ankatchula nambala ya loyenera. Likasowa pamndandanda, ankalitchula chilembo chimodzichimodzi potsata afabeti ya pa wailesi za oyendetsa ndege, ija ya alpha, bravo, charlie. Kukonza kulikonse kunkaphunzitsa makinawo kayankhulidwe ka mwini wake, ndipo kulekerera cholakwa kunkawaphunzitsa zolakwika. Mitundu yotsatira ya pa Windows inabwera ndi njira yoyendetsera mausi pakamwa: sikirini inkagawika m'mabokosi 9, munthu n'kutchula nambala, bokosilo n'kugawikanso 9, mpaka kamuvi kafike pamene akufuna.

Mtengo wotere ndi ochepa akanaukwanitsa m'thumba mwawo, ndipo apa malamulo anathandiza. Mu 1988 boma la America linakhazikitsa lamulo lopereka ndalama ku zigawo zake zothandizira anthu aulumali kupeza zipangizo, ndipo mu 1990 lamulo la Americans with Disabilities Act linakakamiza olemba ntchito kukonza malo antchito kuti wogwira ntchito waulumali athe kugwira. Ku Britain ndondomeko ya Access to Work, yoyamba mu 1994, inkalipirira zipangizo zotere. Popeza ndalama zinali za boma kapena za bwana, panafunika wina wounika asanagule, ndipo ntchitoyi inagwera akatswiri ophunzitsa odwala kudzichitira zinthu ndi amisiri a zipangizo za aulumali.

Wounika waluso sankayamba ndi pulogalamu. Ankayamba ndi munthu. Kodi mawu ake amamveka chimodzimodzi m'mawa ndi madzulo, kapena amafooka akatopa? Amatha mawu angati asanapume? Akufuna kulemba kokha, kapena kuyendetsa kompyuta yonse osakhudza kanthu? Amatha kuwerenga mokweza? Funso lomalizali linali lalikulu, chifukwa mapulogalamu a nthawiyo ankafuna kuti mwini wake awawerengere ndime zotalika asanayambe kumumva. Kwa wophunzira amene amavutika kuwerenga, yemwe makinawa akanamuthandiza kwambiri, khomo lolowera linali lomwelo limene linkamukanika; aphunzitsi ankamunong'oneza mawu iye n'kumabwereza. Panalinso chenjezo limene linaphunziridwa mowawa. Anthu ambiri ovulala mikono chifukwa chotaipa kosalekeza anathamangira ku makina a mawu, ndipo ena anasasa mawu kapena kupweteka kummero chifukwa choyankhula modukizaduka kwa maola ambiri. Kupumira ndi kumwa madzi pafupipafupi kunalowa m'malangizo.

Maikolofoni ndiyo inkagwetsa ambiri. Yabwino inali yovala kumutu, yochotsa phokoso la m'mbali, yoikidwa pambali pa kamwa pamtunda wa chala chimodzi kapena ziwiri kuti mpweya usamawombemo. Koma munthu wosagwira manja sangadziveke yekha, ndipo ikasuntha sangaibweze. Tsiku lake lonse la ntchito linkadalira womusamalira amene anamuveka m'mawa. Ambiri ankasankha ya khosi lopindika yomangirira pa tebulo kapena pa njinga yawo, ngakhale inkatola phokoso lambiri, chifukwa ankatha kufika n'kuchoka okha. Wodalira makina othandiza kupuma anali ndi vuto linanso: phokoso la makinawo linkalembedwa ngati timawu tating'ono pakati pa ziganizo. Ngakhale kuzimitsa maikolofoni kunali nkhani, popeza amene waizimitsa ndi mawu sangaiyatsenso ndi mawu. Mapulogalamu anaika njira yoigoneka, kuti izimvetsera lamulo limodzi lokha loidzutsa.

Mu 1997 kunatuluka Dragon NaturallySpeaking ndi ViaVoice ya IBM, zomva munthu akuyankhula mosadukiza, pa mtengo wa madola mazana ochepa. Madokotala ndi maloya anakhala msika waukulu. Kwa anthu aulumali phindu linali losakanizika. NaturallySpeaking yoyamba inkalemba bwino koma sinkayendetsa kompyuta yonse, moti ena ankagwiritsa ntchito mapulogalamu awiri, wakale ndi watsopano. Amene kayankhulidwe kawo kanasokonekera ndi sitiroko kapena cerebral palsy, komanso amene mpweya umawathera pakati pa chiganizo, nthawi zambiri ankamvedwa bwino ndi njira yakale ya liwu limodzilimodzi. DragonDictate itasiya kukonzedwa, ena anasunga makompyuta okalamba kwa zaka pofuna kuti isawathawe. Kampani ya Dragon Systems nayo inasintha manja kangapo: Lernout & Hauspie ya ku Belgium inaigula mu 2000 n'kugwa chaka chotsatira, ScanSoft inatola zotsala n'kudzatenga dzina la Nuance mu 2005, ndipo Microsoft inamaliza kugula Nuance mu 2022.

Cha m'ma 2010 njira ina yophunzitsira makina, yogwiritsa ntchito mawu a anthu miyandamiyanda, inachepetsa zolakwa kwambiri, ndipo kuwerengera makina ndime kunatha. Siri inalowa mu iPhone mu 2011, Amazon Echo inatuluka mu 2014, Google inatulutsa Voice Access ya mafoni a Android mu 2018, ndipo Apple inabweretsa Voice Control mu 2019. Kuyatsa magetsi uli pabedi, kumene POSSUM inkachita ndi kapaipi, kunasanduka chinthu wamba chogula m'sitolo. Ogontha nawonso anapindula ndi Live Transcribe ya mu 2019, imene imalemba pafoni zimene ena akuyankhula. Inakonzedwa mogwirizana ndi yunivesite ya Gallaudet. Mafunso a wounika uja anasintha. Tsopano amafunsa ngati pulogalamuyo imagwira popanda intaneti, mawu ojambulidwawo amapita kuti, ndiponso ngati ingaphunzire mayina ndi mawu a ntchito ya mwini wake.

Vuto lakale linabwerera mwa njira ina. Makina ophunzira kwa anthu ochuluka amamva bwino amene amayankhula ngati ochulukawo, ndipo wachibwibwi kapena wolemera lilime amatsala kunja. Mu 2019 Google inalengeza Project Euphonia, yotolera mawu a anthu ovutika kuyankhula, kuphatikizapo odwala matenda a ALS, ndipo kuchokera mmenemo munatuluka Project Relate, imene munthu amaiphunzitsa pojambula ziganizo mazana angapo. Uku kunali kubwerera ku nzeru ya DragonDictate, yoti makina azolowere munthu mmodzi. Mu 2022 yunivesite ya Illinois inayambitsa Speech Accessibility Project, mothandizidwa ndi Amazon, Apple, Google, Meta ndi Microsoft, kuti mawu otere asonkhanitsidwe pamodzi.

Chiyankhulo nacho ndi malire. Zambiri mwa zipangizozi zinapangidwira Chingerezi ndi ziyankhulo zina za misika ikuluikulu, kotero waulumali woyankhula Chichewa nthawi zambiri amafunika kulamula foni yake m'Chingerezi, ndipo makinawo sazolowera msanga katchulidwe ka kuno. Whisper, pulogalamu imene OpenAI inatulutsa mu 2022 itaiphunzitsa ndi mawu a maola 680,000, ili ndi Chiswahili ndi Chishona koma ilibe Chichewa. Mu 2023 Meta inatulutsa makina omva ziyankhulo zoposa 1,100, ophunzitsidwa makamaka ndi mawu a anthu owerenga Chipangano Chatsopano, ndipo chaka chomwecho ofufuza a ku University of Zambia anatulutsa Zambezi Voice, nkhokwe ya mawu ojambulidwa a Chibemba, Chinyanja, Chitonga ndi Chilozi yophunzitsira makina otere.