Pulojekita Kapena TV: Kusiyana kwa Mtengo ndi Kasamalidwe

Pulojekita ya panyumba imaonetsa cithunzi cacikulu pa cipupa, koma ndalama zake sizithera pa tsiku logula. Babu la mapulojekita ambiri limagwira nchito maola 2,000 mpaka 5,000, ndipo likamakalamba cithunzi cimazilala kufikira mwini wake atagula lina. TV yopyapyala ya LED imatha kupitirira maola 30,000 popanda cosintha.

Pulojekita imafunanso cipinda ca mdima, masipika apadera, ndiponso kuyeretsa sefa yake kawirikawiri, makamaka m'miyezi ya fumbi. Coopsa kwambiri ndi kuzima kwa magetsi mwadzidzidzi, cifukwa fani imaima babu likali lotentha, ndipo limafa msanga. Mapulojekita a laser amafika maola 20,000, koma mtengo wake ndi wokwera.